Kwa Ba Shikulu a pa geti, kuchokera kwa mdzukulu wanu wodya mbewa wa ku Ngungu

Ba Shikulu,

Zikomo choyamba pondilola kukulemberani m'Chinyanja. Ndikudziwa kuti mudzauza mwana amene adzakuwerengereni kalatayi kuti simukumva kanthu, kuti chinenero cha anthu odya mbewa chimakutsekani makutu. Komatu ine ndinakupezani tsiku lina pa msika mukunenerera nkhuku kwa mayi wa ku Petauke, ndipo Chinyanja chanu chinali chosalala ngati cha mlaliki. Choncho khalani pa mpando wanu wandalema uja, mutsitse wailesi pang'ono, mumve.

Zikomo chifukwa cha tsiku loyamba lija, limene inu mumati simulikumbukira. Munali mu June, 2014, mphepo yachisanu ikuulutsa fumbi mu msewu wa ku mafakitale. Ndinayenda wapansi kuchokera ku Ngungu chifukwa ndalama ya minibasi inathera pa fotokope. M'chikwama munali maenvulopu a khaki asanu ndi awiri, iliyonse ili ndi kalata, CV, reji, satifiketi ya Giredi 12 ndi ya TEVETA ya zamagetsi. Pa geti panu panali chikwangwani cha "No Vacancy" chosuluka utoto, chooneka kuti chinakhomedwa ine ndisanayambe sukulu. Munalandira envulopu yanga ndi manja awiri. Pa mageti ena asanu ndi limodzi aja panalibe amene anatero.

Ndikukumbukiranso kumene envulopuyo inathera, poti munaulula nokha patapita zaka zitatu tikumwa tiyi. Munayatsira mbaula. Munati usikuwo kunazizira zedi, makala anali onyowa, ndipo katoni ya makalata ofunsira ntchito inali itadzaza mpaka pakamwa popanda wa mu ofesi aliyense woifunsa. Ndinakwiya masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinakumbukira zimene zinali m'kalatamo, ndipo ndinaona kuti mbaula inaigwiritsa ntchito bwino kuposa mmene bwana aliyense akanachitira. Nkhani imeneyo inatha, musamaibwerezenso mukaledzera.

Zikomo chifukwa cha funso limene munandifunsa nditabweranso. Simunafunse kuti ndine mwana wa yani kapena ndimapemphera kuti. Munati, "Iwe mwaiche, manja akowa amadziwa chiyani?" Ndinayankha monga tonse tinkayankhira, kuti ntchito iliyonse imene ingapezeke ndigwira. Munaseka mpaka kutsokomola. Munati muno mulibe ntchito yotchedwa iliyonse, ndipo munthu wopempha iliyonse amauza bwana kuti amuganizire, pomwe bwanayo mutu uli kale ndi zake. Ndinabwerera ku Ngungu ndikutukwana chamumtima, koma usiku umenewo ndinatenga kope n'kulemba zinthu zimene ndinkazidziwa ndithu. Zinakwana mizere inayi. Wachiwiri unali wakuti ndimatha kuchotsa mawaya opsa mu mota n'kukulungamo atsopano.

Zikomo pondiuza mbiri yanu pamene ine ndinkafuna kungomva za ntchito. Munati munatsika kuchokera ku Kasama muli mnyamata, thumba lili kumsana, ndipo palibe nyuzipepala imene inakuitanani. Munkaima pa geti la mgodi wa kuno ku Kabwe m'mamawa uliwonse mpaka kapitawo wina anatopa ndi nkhope yanu. Munalowa pansi, munatulutsa mtovu ndi zinki, munalera ana, mpaka 1994 pamene mgodi unatsekedwa inu muli ndi mphamvu zanu zonse. Kuchokera pansi pa nthaka munakwera n'kukhala pa benchi ya mlonda. Simunainene nkhaniyo modandaula. Munainena ngati munthu wofotokoza njira ya kumudzi.

Ndinakumbukira agogo anga aamuna pamene munkalankhula. Iwonso anachoka ku Katete pa nthawi ya atsamunda, chitupa chili m'thumba, tauni ino ikutchedwa Broken Hill ndipo Chipata akutchedwa Fort Jameson. Ankatiuza kuti pa geti pankadzaza anthu a ku Nyasaland, a ku Luapula, Alenje eni nthaka, onse maso ali pa munthu mmodzi wonyamula buku. Miyala ya mtovu inapezeka kuno mu 1902, njanji inafika mu 1906, ndipo kuyambira pamenepo anthu a mu Kabwe akhala akupeza ntchito poima pamaso pa munthu. Ngakhale chigaza chotchuka chija chimene anachifukula mu mgodi mu 1921 chinapita ku London popanda kulemba kalata. Inu ndi amene munanena zimenezo, ine ndangobwereza.

Zikomo posandinamiza za tauni yathu. Ine ndinakula mageti akutsekeka limodzilimodzi. Mgodi unali utapita kale. Njanji inaperekedwa kwa kampani yapadera mu 2003, ndipo bambo anga anali m'gulu la amene anabwerera kunyumba m'zaka zimenezo. Boma linaitenganso mu 2012 iwo atagona kale kumanda. Fakitale ya nsalu ya Mulungushi inaima mu 2007, ndipo kangapo konse tinkamva kuti itsegulidwa, azimayi a ku Bwacha n'kuchapa madiresi awo abwino. Manyuzipepala ankatitchula mzinda wakufa. Inu munati mzinda wakufa sudya nsima, ndipo pamene pali nsima pali chigayo, pamene pali chigayo pali mota, ndipo mota imapsa.

Zikomo koposa chifukwa cha benchi ija. Chaka cha 2015 madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola 8 pa tsiku. Ndinadutsa pa geti panu mu September, osati kudzafunsa ntchito, ndinali nditasiya, koma kudzapempha madzi akumwa. Munandipatsa kapu, kenako munasuntha n'kundisiyira malo. Munati ndikhale pamenepo masiku atatu, ndisalankhule ndi munthu, ndingowerenga mamota olowa ndi mamota otuluka. Ndinaganiza kuti ukalamba wayamba kukusokonezani. Ndinakhalabe, poti kunyumba kunalibe chondidikira kupatula mbale.

Ndikuwaonabe mamota aja. Ena ankabwera pa Canter kuchokera ku mafamu a tirigu a ku Chisamba ndi ku Mkushi, akuluakulu ofuna amuna anayi kuti atsike. Ena ankabwera pa wilibala, a zigayo za ku Makululu ndi ku Katondo, eni ake akutsatira pambuyo nkhope zili ngati operekeza maliro. Mapampu a zitsime, makina a akalipentala, zonse zikununkha vanishi wopserera. Ine ndinkadziwa chifukwa chake kuchokera kusukulu: magetsi akabwerera ndi mawaya awiri okha m'malo mwa atatu, mota imang'ung'udza, imatentha, ndipo mwini akamathamangira ku switchi imakhala itapsa kale. Zimene sindinkadziwa n'zakuti zimenezi zimaoneka pa geti. Tsiku lililonse olowa ankaposa otuluka, ndipo kuseri kwa wekishopu mulu unkakula.

Zikomo chifukwa cha mawu ochepa amene munanena madzulo a tsiku lachitatu. Munaloza muluwo ndi ndodo n'kunena kuti, "Ntchito yako ndi iyo. Bwana sanaidziwe, akuganiza kuti ndi mavuto chabe." Ndakhala ndikuwatembenuza mawu amenewa zaka zonsezi. Ntchito imayamba ngati mutu wopweteka wa munthu wina. Imakhala miyezi ingapo ikumusowetsa tulo, makasitomala akumuimbira foni usiku, asanaganize zolemba munthu. Ikamafika mu nyuzipepala kapena pa Facebook imakhala itakalamba, ndipo nthawi zambiri mwini wake amakhala atapezeka kale. Inu munkaiona ikadali khanda chifukwa chilichonse cholowa ndi chotuluka chinkadutsa pamphuno panu.

Zikomo pondiletsa kupita ku ofesi. Munati mlembi wa mu ofesi ndi munthu wabwino, koma analembedwa kuti azinena kuti bwana kulibe, ndipo amagwira ntchito yake mokhulupirika. Munati ndipite kwa amene akutukwanidwa chifukwa cha muluwo, ndiye folomani. Munandiuzanso nthawi. Lolemba ayi, poti aliyense amakhala ndi mkwiyo wa kumapeto kwa sabata. Tsiku la malipiro ayi. Lachitatu, ikangokwana 10 koloko, pamene folomani amatuluka kudzasuta pafupi ndi geti chifukwa m'kati muli vanishi ndi thinazi. Zinthu zimenezi sizili mu silabasi iliyonse, ndipo ndikukayika ngati folomaniyo ankadziwa kuti moyo wake mumaudziwa chotere.

Ndikukumbukira mmene munandikonzera pakamwa. Ndinali nditaloweza mawu ambirimbiri a Chizungu, oyamba ndi kudzichepetsa n'kuthera pa umasiye wanga. Munandidula pakati. Munati folomani ali ndi amasiye ake kunyumba, asamve za bambo ako, amve za mamota ake. Tinayeserera pa benchi, inu muli folomani, mukuyang'ana kumbali ndi kuyasamula dala. Pomaliza zinatsala ziganizo zitatu: dzina langa, zimene ndaona kuseri kwa wekishopu, ndi pempho lakuti andipatse mota imodzi yaing'ono ndiikonze iye akuona. Munati ndikatha kunena zimenezo nditseke pakamwa, ngakhale chete atatalika bwanji.

Zikomo chifukwa cha pampu ya mpongozi wanu. Munati munthu wa manja asapite kwa folomani atanyamula pepala lokha. Munandibweretsera kapampu kakufa kamene kanakhala chaka pansi pa bedi, ndipo ndinakakonzera pakhonde pathu ku Ngungu. Ndinawerenga mizungulire ya waya wopsa umodziumodzi, ndikulemba m'kope, ndinayeza kunenepa kwake, ndinadula mapepala oteteza, ndinakulunga makoyilo pa thabwa lokhomedwa misomali. Waya wa kopa anagula ndi mayi anga, ndalama ya vitumbuwa ya sabata yathunthu. Vanishi ndinaumitsa padzuwa la October, poti uvuni ndinalibe. Magetsi atabwera pakati pa usiku tinailumikiza, ndipo inazungulira mwakachetechete, mayi n'kuyamba kululutira anthu ali m'tulo.

Lachitatu lija ndinaisenza pamutu, itakulungidwa m'chitenje, ngati ndikupita kuchinkhoswe. Folomani anamvetsera ziganizo zanga zitatu, anayang'ana pampu, anayang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa ngati mchimwene wanga amene anaikonza ali pafupi. Anyamata amene ankadikira pisiweki pa geti anaseka. Ndinatseka pakamwa monga munandiuzira, koma m'maso munali mutayamba kutentha.

Zikomo chifukwa cha chipongwe chimene munandichita pamenepo. Munalankhula osadzuka pa benchi, maso ali pa wailesi. Munati, "Muyeseni bwana. Anthu a kum'mawa awa zala zawo n'zozolowera kukumba mbewa, m'mabowo a mota sangasochere. Akalephera ndimukweza ndekha basi ya ku Chipata." Folomani anaseka, ndipo munthu akaseka amavutika kukana. Mlendo akanamva akanati mwandinyoza. Ife a mu Zambia tikudziwa kuti Mbemba akatukwana wa kum'mawa pagulu ndiye kuti wamuika kumsana. Chimbuya chimene makolo athu anasiya nkhondo zawo zitatha chinanditsegulira geti limene satifiketi inalephera. Sindinakubwezereni tsiku limenelo, choncho ndibweze lero: anyani onse a ku Kasama akupereka moni, amene munawasiya.

Zikomo posandilonjeza kanthu. Anandipatsa sabata imodzi, ovololo ya munthu wina yofika m'mapazi, ndi mota ya chigayo imene aliyense ankaizemba. Tsiku lachiwiri ndinalakwitsa kulumikiza makoyilo ndipo ndinamasula zonse n'kuyambiranso. Potuluka madzulo ndinkayembekeza kuti mundilimbitsa mtima. Munangoyang'ana manja anga odetsedwa n'kunena kuti mawa ndibwere ndi sopo wanga, wa kampani amatha msanga. Ndinamva kuti mwa inu nkhani ya mawa inali yotha kale, ndipo ndinagona tulo.

Ndikuthokozanso chifukwa cha dzanja lanu limene silinatambasuke. Tonse tikudziwa mageti amene envulopu siidutsa popanda ya drinki, ndi anthu amene amalonjeza atsikana ntchito pa mtengo umene sitiutchula pagulu. Masiku ano kwabweranso ena a pa foni, olengeza ntchito zabodza n'kumati tumizani ndalama ya fomu kapena ya kuchipatala, ndipo akalandira nambala imazima. Inu malipiro anu anali ochepa kuposa a wina aliyense pamalopo. Nditalandira ndalama yanga yoyamba ndinabwera nayo kwa inu ndili ndi manyazi, osadziwa kuti mwambo wake ndi wotani. Munaibweza m'thumba langa la ovololo n'kunena kuti wailesi yatha mabatire. Mabatire anayi. Ndiwo mtengo wonse umene ndinalipira.

Zikomo pondikankha pamene ndinayamba kukhazikika. Miyezi inadutsa ndikulandira ndalama ya pamanja Lachisanu lililonse, ndili wokondwa. Inu munati ntchito yolowera pakamwa imathanso kutulukira pakamwa, ndipo amene sanakulembe m'buku sadzavutika kukufufuta. Munandituma kukapempha kalata ya mgwirizano ndi nambala ya NAPSA. Ndinaopa kuti andiona ngati wosayamika. Munati munaona amuna anzanu mu 1994, amene anali ndi mapepala ndi amene analibe, ndipo kusiyana kwawo kunaoneka pa mbale za ana awo. Lamulo loletsa kusunga munthu pa uganyu pa ntchito yokhalitsa linali litangokhwimitsidwa mu 2015, ndipo linalowanso m'lamulo lalikulu la ntchito la 2019, koma ine ndinalimva koyamba kwa mlonda amene sanaliwerengepo.

Ndikukhululukirani dzina lija. Zaka ziwiri zathunthu munkandiitana ndi dzina la mtsikana wina amene sindinamuonepo, ndipo ndikakukonzani munkati mayina a kum'mawa onse ndi amodzi. Ndikukhululukiraninso masana aja a Loweruka pamene Kabwe Warriors ikusewera, pamene munthu akanatha kutulutsa wekishopu yonse pa geti inu khutu lili pa wailesi. Ndamva nkhani ya zigoli 107 za Godfrey Chitalu za mu 1972 kokwana mwina ka 107 komweko, ndipo ulendo uliwonse inu mumakhala mutayandikira pagolo kuposa ulendo wapita. Mu 2012, dziko lonse likukamba za zigoli za Messi, akuti munakana kudya. Zimenezo anandiuza ndi akazi anu.

Zikomo pondipirira tsiku limene ndinakufunsani funso lopweteka. Pa geti paja pankaima anyamata ambiri, ena a mtundu wanu, ena a mpingo wanu, mmodzi mwana wa mlongo wanu weniweni. Kwathu kum'mawa amatinena kuti timati wako ni wako, ndipo kunena zoona mawuwo ali m'mitundu yonse, amangosintha chinenero. Ndinafunsa chifukwa chimene munasankhira ine. Munati mwana wa mlongo wanu munamukhazikanso pa benchi yomweyo, ndipo anawerenga mamota theka la tsiku n'kupita kukaonera mpira. Kenako munawonjeza kuti musandinamize, mukanakhala ndi mphwanu wodziwa kukulunga mota, ine mukanandipatsa madzi okha.

Yankho limenelo ndimalithokoza ngakhale limandisowetsa mtendere. Ntchito yosalengezedwa imakoma kwa amene wauzidwa. Kwa amene sanauzidwe ndi khomo lotsekeredwa m'kati. Tinamaliza sukulu ya ntchito zamanja tili ambiri, ndipo ena anali akuthwa kuposa ine. Mmodzi amagulitsa salaula pafupi ndi mkuyu waukulu wa pakati pa tauni. Wina ndinamuona akutola miyala pa chimulu chakuda cha zotsalira za mgodi, m'fumbi la mtovu lomwe lija limene ladwalitsa ana a ku Kasanda, ku Chowa ndi ku Makululu. Tikakumana timapatsana moni bwinobwino, koma ndimadziwa kuti chimene chinatisiyanitsa si nzeru. Iye sanapemphe madzi pa geti loyenera.

Zikomo chifukwa cha maliro a mayi anga. Munafika ku Ngungu m'mamawa, inu ndi Abemba anzanu, ndipo munalanda nyumba yonse monga ambuya amachitira. Munawaza nkhuni, munatsogolera okumba manda, munatipaka ufa kumaso n'kutilipiritsa, mukunena kuti mayi athawa ngongole ya mbewa. Ndinaseka ndili pakati pa kulira, ndipo azakhali anga ochokera ku Katete anafunsa kuti mkulu ameneyu ndi mbale wathu wa mbali iti. Ndinasowa poyambira. Ndinangoti ndi a kuntchito.

Ndikukumbukira tsiku limene munatsanzika. Maso anali atayamba kuchita nkhungu, ndipo manambala a galimoto munkalemba mongoganizira. Panalibe mwambo uliwonse. Munapinda jekete, munanyamula wailesi ndi kapu yanu, mbaula munasiyira wobwera. Ine ndinali m'kati ndikuyeza mota ya pampu, ndipo nditatuluka benchi inali yokha. Ndinakwiya kuti simunandiitane. Kenako ndinakumbukira kuti ndinu amene munandiphunzitsa kuti munthu ali pakati pa kuwerenga mizungulire ya waya sasokonezedwa, ngakhale kunja kukugwa chiyani.

Zikomo chifukwa cha katoni imene munandisiyira osadziwa. Tsopano mafunso a ntchito amafika kwa ine, ena pa pepala, ambiri pa WhatsApp, usiku ndi usana. Pafupifupi onse amati ntchito iliyonse. Ndimayesetsa kuyankha aliyense, ngakhale ndi mzere umodzi, ndipo ndimawafunsa funso lanu lija la manja. Ambiri sayankhanso. Masiku ena ndimatopa, ndipo ndikuvomera pamaso panu ndi pamaso pa onse owerenga kuti chala changa chafufutapo mauthenga osawawerenga. Mbaula yanga ndi imeneyo, ndipo ine ndilibe ngakhale chisanu chonamizira.

Pa geti panu tsopano pamakhala alonda a kampani ya chitetezo, a yunifolomu yosita bwino, osinthidwa mwezi ndi mwezi. Ndi ana aulemu, koma sakhalitsa mokwanira kuti adziwe nthawi imene folomani amasuta. Chilala cha 2024 chitabweretsanso mdima, woposa wa 2015, mulu unakulanso kuseri, ndipo anthu ambiri anayamba kubwera ndi mapampu a sola ndi majenereta. Ndinatuluka ndekha kukayang'ana pa geti ngati pali wina wakhala pa benchi akuwerenga. Benchiyo anaichotsa, akuti imakopa anthu osowa chochita. Ndinakangana nawo mpaka inabwerera.

Zikomo chifukwa sabata yatha benchiyo inagwira ntchito. Kunabwera mtsikana wa ku Chimanimani, envulopu ya khaki ili m'manja, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Anati wayenda mageti asanu. Ndinamufunsa za manja ake, ndipo anati amadziwa kulumikiza mapanelo a sola ndi kukonza ma inverter, zinthu zimene ife akale timazigwira mwamantha. Ndinamukhazika pa benchi n'kumuuza kuti awerenge zolowa ndi zotuluka. Anandiyang'ana mmene ndinakuyang'anirani inu. Ndi Mbemba, Ba Shikulu, wa kwanu kwenikweni, ndipo ndamuuza kale kuti akalephera ndimukweza basi ya ku Kasama. Wabwera masiku onse atatu. Folomani wathu wa tsopano sasuta, ndiye ndikufufuzabe nthawi imene amakhala yekha.

Loweruka ndikubwera. Mwana wanu wandiuza kuti fani ya kuchipinda yaima ndipo mwaletsa aliyense kuigwira, mukuti ili ndi mwini wake. Ndibwera ndi zida, mabatire anayi, ndi kaphukusi kochokera ku Katete kamene mudzakana pamaso pa anthu n'kukafunsa anthu atapita. Mumange galu uja, ulendo watha anandithamangitsa mpaka kumsewu.

Ine mdzukulu wanu wa ku Ngungu,
amene dzina lake mwayamba kulikhoza.